Momwe a Lemani Anagwetsera Mayi Selestina

A Lemani Kadzuwa akafunsidwa kuti anakhala bwanji mphunzitsi wamkulu, ankayankha kuti pa famu ponse panali anthu awiri okha odziwa kumanga tayi, ndipo winayo anali mzungu. Ankanena akuseka, koma bodza linali lochepa m'mawu amenewo.

Anabadwira mu komboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Mvurwi, kutali ndi Malawi. Famuyo inali ndi dzina lake lachingerezi pachikwangwani cha kumsewu, koma anthu ankangoti kwa Chipewa, chifukwa mwini wake sankavula chipewa ngakhale pamaliro. Bambo awo anachokera ku Ntcheu pa lole ya ulere yonyamula ofuna ntchito m'mafamu, ati adzagwire zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangete, abwerere kwawo. Njinga anagula, bulangete anagula. Kubwerera ndiye kunakanika, ndipo anawaika kuseri kwa mabani owumitsira fodya, pamzere umodzi ndi anzawo onse amene anabwera kudzagwira zaka ziwiri.

Lemani anali mwana woonda, wa mikono ngati mapesi. Foromani atamuona akulimbana ndi khasu anati khasulo ndi limene likulima mwanayo. Amalume ake anamutengera kumishoni, anafika Sitandade Sikisi, n'kubwerera ku famu ndi tayi imodzi ndi buku la nyimbo. Chipewa anamupatsa ntchito yosonkhanitsa ana m'mawa amayi awo akapita kumunda, kuti asamagwere m'damu. Ntchito imeneyo a Lemani anaitcha sukulu, ndipo popeza panalibe wowatsutsa, inakhaladi sukulu. Ankalemba ndi makala pachitseko chakale. Mwana aliyense ankamudziwa dzina, ankadziwa dzina la mayi ake, ndiponso pongomuona m'maso ankadziwa ngati wabwera atadya.

Ufulu utabwera m'dzikomo mu 1980, boma linati mwana aliyense aphunzire. Ana anachoka pa makumi atatu n'kufika pa mazana awiri, ndipo a Lemani anatola aphunzitsi pa anthu amene analipo. Giredi Wani anapatsa Mayi Selestina, mayi wamasiye wa thupi lake, amene ankaphunzitsa katekisimu Lamlungu ndipo ali mtsikana anaberekapo Lemani kumsana. Masamu anapatsa a Simao, amene anathawa nkhondo ku Tete. Chingerezi cha a Simao chinali cha mawu khumi, koma manambala ankawamvera. Patapita zaka kunabwera Elifasi, mnyamata wofatsa amene anakhoza maphunziro atatu pa mayeso a Fomu Folo. Iyeyu anakwatira Emelia, mwana wa Mayi Selestina, ndipo a Lemani ndi amene anamumanga tayi paukwatipo.

Zipinda zophunzirira zinali ziwiri zokha, za mitengo ndi dothi. Ana akuluakulu ankaphunzirira m'shedi yosankhira fodya. Nyengo yosankha ikafika, kuyambira Epulo mpaka kuzizira kutatha, shedi inkabwerera kwa mwini wake, ndipo pamodzi ndi shediyo Chipewa ankatenganso anawo kuti azimanga fodya mpaka dzuwa litapendeka. Maphunziro ankayamba madzulo pansi pa mtengo, ana akuwodzera, manja akununkha fodya. Zinali choncho kuyambira kale, ndipo a Lemani ankaziona monga mmene munthu amaonera mvula.

Woyendera masukulu anabwera kamodzi, n'kunena mawu amodzi: Giredi Seveni ndi mayeso ake ziloledwa pokhapokha pakhale mphunzitsi mmodzi wa setifiketi. A Lemani analemba makalata zaka zitatu. Mu 1987 anawatumizira Zuhura Saidi, mwana wa telala wachisilamu wa ku Glendale, atangotuluka kukoleji. Anali wamfupi, wosalankhula zambiri, wolemba mwaukhondo moti a Lemani anayamba kubisa mabuku awo. Onse ankamutcha Madamu. Akalowa m'chipinda cha tiyi nthabwala zinkatha, a Simao n'kumupatsa mpando wawo. A Lemani eni ake ankamuopa. Anavomera okha pambuyo pake kuti akafuna kumuuza kanthu ankayamba ayeserera chiganizocho kuchimbudzi.

Mu Meyi 1988, sabata yoyamba ya temu, Madamu anaika kalata patebulo la a Hedi. Inali yopempha kusamutsidwa. Inkangodikira dzina lawo ndi chidindo cha sukulu.

A Lemani anaiwerenga kawiri, n'kuiika pansi pa kaundula. Giredi Seveni inali ndi ana khumi ndi anayi, oyamba pa famupo kufika pamenepo. Madamu akachoka kalasiyo ikanatsekedwa. Sukulu ina inali kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola atatu, ndipo panalibe kholo limene likanatumiza mwana kumeneko shedi ili pakhomo. Anawo akanangolowa m'fodya, osatulukanso.

Munthu wanzeru akanafunsa Madamu chimene chawavuta. A Lemani anadzifunsa okha n'kudziyankha okha, chifukwa yankho anali nalo kale m'kope. Pa holide anali atapita ku Glendale kumsonkhano wa masiku atatu wa mahedi a masukulu a m'mafamu. Kumeneko kunali mnyamata wa kabudula ndi wezulo m'khosi, wotumidwa ndi bungwe lina la kunja, amene anawauza kuti aphunzitsi sathawa denga lodontha, amathawa kusagwirizana. Mankhwala ake anali masewera. Anawamanga nsalu kumaso, anawalumphitsa zingwe, anawagwiranitsa manja. Potsiriza aliyense ankaima chilili, n'kudzigwetsa chagada kuti mnzake amuwakhe. A Lemani anagwera m'manja mwa hedi wina wa ku Goromonzi, chimunthu chachikulu chonunkhira sopo, ndipo kwa kanthawi anamva ngati khanda. Chibadwire palibe amene anawanyamulapo choncho kupatula Mayi Selestina. Anabwerera ku famu atatembenuka mtima.

Sabata yonse anayang'ana aphunzitsi awo ndi maso atsopano, akulemba zizindikiro za kusagwirizana, chilichonse ndi nambala yake. Choyamba: Elifasi samwa tiyi m'chipinda chimodzi ndi Mayi Selestina, amakamwera panja ngakhale kukuzizira. Chachiwiri: akakumana panjira, Elifasi amapatukira m'udzu n'kuyang'ana kwina. Chachitatu: akafuna kubwerekana choko amatumirana a Simao, pomwe zitseko zawo ndi zoyang'anana. Pansi pake analemba ndi inki yofiira kuti chidani chimenechi ndi chimene chikuthamangitsa Madamu.

Sikuti mwambo wa mkamwini ndi apongozi sankaudziwa. Ankaudziwa monga mmene ankadziwira kuti ku Malawi kuli phiri la Mulanje: anamvapo, koma sanakwerepo. Mayi a akazi awo anamwalira ku Mozambique ukwati usanachitike, choncho a Lemani sanapatukirepo munthu m'udzu. Ndiponso ankakhulupirira kuti za kukomboni zimathera pampanda wa sukulu.

Lachisanu masana anabalalitsa ana aang'ono, n'kuitana aphunzitsi anayiwo pabwalo la mpira wa manja. Anavala kabudula wa kaki amene anabwereka kwa mlonda, tayi osavula, ndi wezulo ya sukulu m'khosi.

"A Hedi, kodi mathalauza apsa?" anafunsa a Simao.

"Lero kulibe Hedi, a Simao. Lero tonse ndife amodzi."

"Ndiye mutibwereke tayi."

Sewero loyamba linali loti aliyense anene chinthu chimodzi chimene amakonda mwa mnzake. Zinayenda bwino pang'ono. Mayi Selestina anati amakonda a Simao chifukwa akagona m'kalasi sachita nkonono. A Simao anati amakonda Elifasi chifukwa njinga yake ili ndi mpope. Itafika nthawi yonena za Madamu, onse anayang'anana.

"Ali ndi setifiketi," anatero a Simao.

"Setifiketi," anavomereza Elifasi, maso ali pansi.

"Ine ndimati ndinene chomwecho," anatero Mayi Selestina. "Andilanda."

Madamu anapinda manja pachifuwa, osaseka, osakwiya. A Lemani anaona kuti mankhwala ofooka sakugwira, n'kulumphira kwa aakulu aja.

Anafotokoza malamulo monga anawalembera. Wogwa amangidwa kumaso poyamba. Womuwakha asankhidwa pambuyo pake ndi kapepala kotuluka m'bokosi la choko, ndipo asalankhule, kuti wogwayo akhulupirire aliyense. A Simao anafunsa ngati sikungakhale bwino kuyala masaka pansi. A Lemani anati masaka ndi chizindikiro cha kukayika. Anayamba okha kuti aonetse chitsanzo, n'kugwera m'manja mwa a Simao, amene anati anyamulapo nkhuku za chitopa zolemera kuposa pamenepa.

Kenako anaitana Mayi Selestina.

"Ine, ndi msana wangawu?"

"Inu ndiye mayi wathu. Mukayamba inu ena atsatira."

Mayiwo anavula duku, n'kudzimanga okha kumaso, akung'ung'udza kuti maphunziro akachuluka amatuluka ndi m'makutu. A Lemani anapisa dzanja m'bokosi. Apa ndi pamene iwo eni ankaima pofotokoza nkhaniyi, n'kunena kuti tchimo lawo lenileni linali ili: kapepala ka dzina la Elifasi anali atakabisa kale pakati pa zala. Anakatulutsa ngati kachokera m'bokosi, n'kukaonetsa kwa mwini dzina mwakachetechete.

Elifasi anapukusa mutu. A Lemani anagwedeza wawo. Elifasi anapukusanso, akuloza chifuwa chake, n'kuloza mayiwo, n'kupingasa manja. A Simao anatsokomola katatu chifuwa chimene analibe.

"A Hedi," anayamba Madamu.

A Lemani analiza wezulo. Lamulo linali loti pasakhale wolankhula. Iwo ankaganiza kuti mnyamatayo akuopa kulemera, choncho anamukokera kumbuyo kwa mayiwo n'kumunong'oneza: "Ndiwe mnyamata iwe, mphamvu uli nazo. Lero zithe zimenezi."

Nthawi imeneyo amayi a m'shedi anali atatuluka kudzapuma, ndipo anaima m'mbali mwa mpanda, ana kumsana, kuonerera aphunzitsi akusewera.

Elifasi anali munthu womvera. Hedi wake anamuuza kuti aime, anaima. Anamuuza kuti atambasule manja, anatambasula. A Lemani atawerenga kuti "wani", Elifasi anayang'ana kumwamba. Pa "thuu" anayang'ana pansi. Pa "firii" Mayi Selestina, amene moyo wawo wonse sanachitepo kanthu mwatheka, anadzigwetsa ndi mtima wonse. Ndipo Elifasi anachita chimene bambo ake ndi agogo ake akanachita ataona apongozi akubwera: anapatuka. Anasuntha phazi limodzi, n'kugwada chakumbali, nkhope atalozetsa kumpanda, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Pansi panalira. Fumbi linakwera. Kumpanda kunamveka kamfuu kamodzi.

Mayi Selestina anakhala tsonga pang'onopang'ono atagwira dzanja lamanja, duku likadali kumaso.

"Kumbuyoku kunali ndani?"

A Simao anayang'ana a Hedi.

"Ndafunsa."

"Anali bambo a kwa Emelia, mayi," anatero a Simao.

Mayiwo, amene anali atayamba kumasula duku, analibwezera kumaso msangamsanga.

"Andikhudza?"

"Aiwa. Ngakhale chala."

"Ngakhale nsalu?"

"Ngakhale mphepo yanu, mayi. Anachoka bwinobwino."

Mayi Selestina anapuma mpweya wautali. "Ndiye kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu," anatero. "A Simao, auzeni apite, asade nkhawa. Auzeni kuti kwawo anawalera." Elifasi anadzuka n'kuyenda chokwawa mpaka kuseri kwa chimbudzi, ndipo atafika kumeneko anathamanga. Apo m'pamene mayiwo anavula duku, n'kufunafuna ndi maso mpaka anapeza kabudula wa kaki.

"Iwe Lemani."

Panali patapita zaka makumi awiri chiwatchulire dzina lopanda ulemu.

"Mayi."

"Ine ndinakubereka kumsana uku, ukundinyowetsa tsiku ndi tsiku, sindinakugwetsepo. Lero wafuna mkamwini wanga andigwire m'chiuno pamaso pa komboni yonse? Ukanati ndikadye naye mbale imodzi bwanji, zithere pamodzi?"

"Ndimaganiza kuti mumadana, mayi."

"Timadana?"

"Samwa nanu tiyi."

Kumpanda kunaphulika chiseko. Koma chimene a Lemani anamva kwambiri chinali chiseko china chapafupi, chachilendo, chotuluka ngati madzi a pampopi umene unatsekedwa nthawi yaitali. Anali Madamu. Anali atagwada pafupi ndi Mayi Selestina, akumanga dzanja lotupalo ndi mpango wawo, misozi ili mbwembwembwe, mapewa akugwedezeka. Ankayesa kuleka, n'kuyang'ana maondo a a Hedi, n'kuyambiranso.

Dzanjalo silinathyoke, linangobinya. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira komboni yonse n'kuwolokera ku famu yoyandikana nayo, ndipo pobwerera inali itakula: ena ankati a Hedi akuphunzitsa akamwini kugwetsa apongozi, ndipo sabata yamawa ayamba ndi a m'shedi.

Loweruka m'mawa a Lemani anatenga tambala wawo wofiira n'kukamusiya kwa Mayi Selestina, amene anamulandira ndi dzanja lamanzere. Kenako anapita kuofesi, anatulutsa kalata ija pansi pa kaundula, analemba dzina lawo, n'kudinda. Anaona kuti munthu wa setifiketi sangakhalenso pansi pa hedi wotere, ndipo kumuchedwetsa kukanangowonjezera manyazi. Anavala mathalauza, n'kupita kukanyumba ka Madamu.

Anawapeza akuchapa pakhomo. Anawapatsira kalatayo ndi manja awiri. Madamu anapukuta manja pachitenje, anaiyang'ana, n'kuloza kampando.

"Khalani pansi, a Hedi. Masewera aja anali a ine?"

"Anali a tonse."

"A Hedi."

"Anali a inu, Madamu."

"Kuti ndisachoke?"

"Kuti mtima wanu ukhale m'malo. Ku Glendale anatiuza kuti..."

"Ku Glendale ndi kwathu. Kulibe munthu amene amadzigwetsa chagada kumeneko." Anakhala pandowa yovundikira. "Kalata iyi yakhala kwa inu masiku khumi. Tsiku lililonse ndimadikira kuti mundifunse chifukwa chake. Mwakabwereka kabudula, mwagwetsa mayi wamkulu, koma kufunsa ayi."

A Lemani anayang'ana nsapato zawo. "Ndikufunsa tsopano."

"Ana anga amabwera dzuwa litapendeka. Amakhala atamanga fodya kuyambira m'mawa. Safia amagona cholembera chili m'manja. Laxon amatsokomola mpaka ndimasiya kuphunzitsa. Mayeso ali mu Okutobala, ndipo mabuku sitinafike ngakhale pakati. Onse khumi ndi anayi alephera, a Hedi, ndipo anthu adzati ana a m'komboni ndi mbuli, mphunzitsi wa setifiketi anayesa. Ine sindifuna kuimirira pamenepo n'kumaonerera. Tiyi wa Elifasi alibe nane kanthu."

"Shedi ndi ya bwana, Madamu. Zakhala choncho kuyambira..."

"Munayamba mwawafunsapo?"

A Lemani anapukusa mutu. Zaka makumi awiri ndi zisanu anali asanapemphepo Chipewa china chilichonse choposa choko ndi laimu wopaka makoma. Nyumba imene ankagona inali ya Chipewa. Sukulu inali pa dothi la Chipewa. Manda a bambo awo analinso pamenepo.

"Ndiye kalatayi ndipita nayo Lachiwiri pa basi ya m'mawa," anatero Madamu. Anaipinda bwinobwino n'kubwerera kuzochapa zawo.

Lamlungu lonse a Lemani analemba zokanena. Analemba m'Chingerezi cha kumishoni, masamba awiri, kuyambira ndi kufunika kwa maphunziro m'dziko latsopano. Anayeserera kumunda kwa chimanga mpaka agalu anawazolowera. Lolemba m'mawa anamanga tayi katatu isanakhale bwino, anauza a Simao kuti ayang'anire sukulu, n'kuyenda kupita kushedi. Ankati mtunda umenewo unali wa mphindi zisanu, koma anadutsa kudamu, anadutsa kukhola la ng'ombe, ndipo anafika patapita theka la ola.

M'shedi munali mdima ndi fungo lotsekemera la fodya wonyowetsedwa. Anthu anali m'mizere, akusankha masamba. Kumapeto kwa mzere wachitatu anaona ana awo a Giredi Seveni, ndipo anawo atawaona anaimirira monga amachitira m'kalasi. Chipewa anali pasikelo ndi foromani, akununkhiza tsamba.

"Ticha," anatero osatembenuka. "Ndamva kuti wayamba kugwetsa azimayi."

Foromani anaseka. Masamba awiri aja anauluka m'mutu mwa a Lemani osasiya ngakhale chilembo chimodzi. Anapisa dzanja m'thumba, n'kupeza kuti pepalalo analisiya patebulo. Anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndipo zimene zinatuluka zinatuluka m'chilankhulo chosakaniza cha pa famu, chimene anthu amalamulirana ntchito.

"Bwana, ndikufuna ana awa. Khumi ndi anayi. M'mawa."

"Fodya akatha."

"Fodya akatha Madamu adzakhala atapita. Akupita mawa. Akapita, boma litseka Giredi Seveni."

"Litseke. Iwe unafika Seveni?"

"Sindinafike, bwana. N'chifukwa chake ndikugwetsa azimayi."

Chipewa anatembenuka n'kuwayang'ana koyamba. A Lemani anapitiriza kulankhula, osadziwa kumene akupita.

"Uyo ndi Safia, mwana wa a Amisi a thirakitala. Uyo ndi Laxon, bambo ake ndi amene amayang'anira moto wa mabani. A Amisi anandifunsa kale kawiri ngati mayeso alembedwa pano. Akapanda kulembedwa, iwo apita kumene kuli sukulu. Mafamu ofuna dalaivala ndi ambiri, bwana. Ine sindipita kulikonse, palibe angandifune. Koma iwowo apita."

Sanakonzekere kunena zimenezo, ndipo atazinena anachita mantha kuti aika a Amisi m'mavuto. Chipewa anayang'ana foromani. Foromani, amene mwana wake anali mu Giredi Sikisi, anayang'ana kudenga n'kunena kuti nayenso anamvapo zotero.

Chipewa anapotokola tsamba lija m'manja kwa nthawi yaitali. Munthu wodziwa moto wa mabani sapezeka pamsewu, ndipo fodya wa chaka chonse amapsa kapena kupulumuka m'manja mwake.

"Seveni yokha," anatero. "Mpaka mayeso. Enawo akhala pano."

"Ndi chipinda, bwana. Pansi pa mtengo pakuzizira."

"Ticha, usandiyese."

"Mosungira feteleza muja mulibe kanthu mpaka Seputembala."

A Lemani ankati mpaka lero sadziwa amene ananena mawu amenewo, chifukwa iwo anali atafa kale ndi mantha. Chipewa anatukwana pang'ono, n'kuuza foromani kuti apereke kiyi.

Anatuluka m'shedi ndi ana khumi ndi anayi pambuyo pawo, pamzere, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya. A Giredi Faifi ndi Sikisi anatsala, akuwayang'ana. Zimenezo a Lemani sankaziseka pofotokoza. Zinatenga zaka zina zinayi kuti awatulutse amenewo, ndipo ena anali atakula kale.

Madamu anawapeza pakhomo la chipinda cha feteleza, ana akusesa. Anawerenga mitu, anasuzumira m'kati, anayetsemula. Kenako anatulutsa kalata ija m'chikwama n'kuipereka kwa a Lemani.

"Ndiing'ambe, Madamu?"

"Ayi. Isungeni m'dirowa. Mwaiwala kulemba tsiku, ndiye siiwonongeka."

Inakhaladi m'dirowa zaka zisanu. Madamu akafuna bolodi, kapena zenera, kapena kuti a Hedi akaonanenso ndi Chipewa, ankangofunsa mwaulemu ngati kalata yawo ikadali bwino. A Lemani ankati pa sukulupo mphunzitsi wamkulu anali kalatayo, iwo ankangoisungira mpando. Anapuma ntchito mu 1997, Madamu atakwatiwa kale n'kusamukira ku Bindura, ndipo pamalo pawo panali patabwera aphunzitsi a setifiketi atatu.

Koma tsiku limene ankakonda kufotokoza linali la mu Okutobala 1988. Mapepala a mayeso anabwera pa galimoto ya boma, m'thumba lomata. Woyang'anira mayeso anali mlendo wochokera ku Mvurwi, ndipo anauza a Lemani mwaulemu kuti malamulo salola mphunzitsi wa pasukulupo kukhala m'chipinda. Madamu anapita kukaphunzitsa Giredi Sikisi kuti mtima usawaphulike. A Lemani anatenga mpando n'kukhala panja pa chitseko, atavala jekete pa dzuwa la Okutobala. Ana anadutsa pamaso pawo mmodzimmodzi, aliyense ndi mapensulo awiri amene iwo anasongola okha, ndipo aliyense anamutchula dzina. Chitseko chitatsekedwa anapeza kuti ntchito ilipobe. Nkhuku za m'komboni zinkabwera kudzatokosa pakhomo, iwo n'kumazithamangitsa chonyang'ama kuti zisalire. A Amisi atatulukira ndi thirakitala, anathamanga kukawaimitsa patali, ndipo dalaivalayo anazimitsa injini n'kukhala nawo pansi pamthunzi mpaka mwana wawo anatuluka.

Asanu ndi anayi anakhoza.